Wokuchotsa m'gulu angamvenso apilo yako?

Tiyambe ndi mkangano wa mafuta a mabuleki, poti gulu lililonse la okonda njinga zamoto lidauonapo wonga umenewu.

Mnyamata wagula kumene njinga, walowa m'gulu la pa intaneti, ndipo usiku wina walemba kuti: "Akuluakulu, buleki ya kutsogolo yafewa, ndikaikoka ikufika mpaka pa chigwiriro. Ndithiremo mafuta ati?" Oyamba kuyankha ndi bambo ena amene akhala m'gulumo zaka zambiri, amene aliyense amawapatsa ulemu. "Thiramo DOT 5, mphwanga. Ine ndi omwe ndimathira zaka zonsezi, sadandikhumudwitsepo." Sipadapite mphindi zisanu, wina walumphira nkhaniyo: "Madala, mukufuna kupha mwana wa eni? Ngati simudziwa za njinga bwanji osangokhala chete?"

Wachiwiriyu akunena zoona. DOT 5 amapangidwa ndi silicone, pamene DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi a glycol, ndipo mitundu iwiriyi sisakanikirana. Ngati pa chitsekero cha kabotolo ka mafuta a mabuleki padalembedwa DOT 4, kuthiramo DOT 5 n'kuika moyo pachiswe. Koma choonacho wachikulunga m'chipongwe, anzawo a bambo aja alusa, ndipo pofika m'mawa mauthenga aunjikana mazanamazana. Adimini wadzuka, maso ali psuu, wayang'ana foni mothamanga popita kuntchito. Chimene waona msanga ndi kutukwanako. Wachotsa wotukwanayo m'gulu, osamuuza kanthu. Uthenga wa DOT 5 udakali pomwepo, pamwamba penipeni, ndipo mnyamata uja ali pa ulendo wokagula mafuta.

Adimini walakwa kawiri m'mawa umodzi. Chofunika kuchichotsa mwachangu wachisiya, ndipo chofunika kuchilingalira modekha wachithamangira. Nkhani yonse ya chilungamo m'magulu oterewa, mmene ndimaionera, yagona pa kusiyanitsa zinthu ziwirizi: uthenga ndi munthu.

Gulu la njinga si gulu la nthabwala chabe

M'gulu la okonda maluwa, malangizo olakwika amafotetsa duwa. M'gulu la njinga amathyola mwendo. N'chifukwa chake oyang'anira magulu a njinga amakhala ndi dzanja lofulumira, ndipo sindingawadzudzule. Wina akauza wophunzira kumene kuti chipewa choteteza mutu n'cha amantha, akutsutsana ndi kafukufuku wa Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, amene adapeza kuti chipewa chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi 42 peresenti, ndi cha kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti. Mawu otere sangasiyidwe kuti akhale mlungu wathunthu uku akomiti akukambirana.

Koma milandu yambiri si yoyera chonchi. Tengani nkhani yodutsa pakati pa mizere ya magalimoto pamene msewu wadzaza. Ku Britain n'zololedwa bola uchite mosamala. Ku California n'zololedwanso, koma m'zigawo zambiri za America yemweyo wapolisi akulembera chindapusa. Gulu likakhala ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana, lamulo lakuti "osalimbikitsa kuphwanya malamulo a pamsewu" limasiya funso lalikulu: malamulo a kuti? Amene waika vidiyo akudutsa pakati pa magalimoto mu London sadalakwire aliyense, koma adimini wokhala kumene zimenezi n'zoletsedwa akhoza kumuona ngati wopulupudza.

Palinso malonda. Anthu amagulitsana injini, matayala, majekete, ndipo ena amalandira ndalama n'kusowa. Pali zithunzi za ngozi, zimene nthawi zina zimafika m'gulu achibale a womwalirayo asadamve uthenga. Pali ndewu zosatha za oyilo, pakati pa olumbirira oyilo wa galimoto ndi amene amakumbutsa kuti kilatchi yosambira mu oyilo imafuna wolembedwa JASO MA kuti isamaterereke. Pali kunyozana kwa eni Harley-Davidson ndi eni njinga za ku Japan, kumene nthawi zambiri ndi nthabwala mpaka tsiku limene wina sakuseka. Ndipo pamwamba pa zonsezi, woyang'anira gulu salipidwa. Ndi wokwera njinga ngati ena onse, amene Loweruka amayenda ulendo umodzi ndi anthu omwe Lolemba ayenera kuwaweruza. Amene adamuthandiza kukankha njinga itathima pa mtunda ndi yemweyo amene lero watukwana mlendo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Mlandu wa McCarthy

N'zoseketsa kuti chigamulo chimodzi chotchuka kwambiri pa nkhani ya kukondera chidachokera pa ngozi ya njinga yamoto. M'chaka cha 1923, ku Sussex m'dziko la England, wokwera njinga wina dzina lake McCarthy adachita ngozi pamsewu ndipo adamutengera kukhothi la majisitireti pa mlandu woyendetsa moopsa. Oweruza atamva mbali zonse adalowa m'chipinda kukakambirana, kalaliki wa khothi n'kulowa nawo limodzi. Adatuluka n'kumupeza wolakwa. Pambuyo pake zidadziwika kuti kalaliki uja adali wa kampani ya maloya imene inkaimira munthu wofuna chipukuta misozi kwa McCarthy pa ngozi yomweyo.

Oweruzawo adalumbira kuti sadafunse kalalikiyo kanthu, ndipo iye sadayankhulepo pa mlanduwo. Khothi lalikulu lidawakhulupirira. Komabe lidathetsa chigamulo chija. Lord Hewart, amene adali mkulu wa oweruza, adafotokoza kuti sikokwanira kuti chilungamo chichitike, chiyeneranso kuoneka poyera kuti chachitika. Kungokhalamo kwa kalaliki m'chipindamo kudali kokwanira kuononga mlandu wonse.

Taganizirani tsopano gulu limene adimini adakangana ndi membala pa mtengo wa giyabokosi yakale, ndipo patatha milungu iwiri membalayo wachotsedwa chifukwa cha "khalidwe". Mwina khalidwe lake lidalidi loipa. Mwina adimini wina aliyense akadamuchotsanso. Koma palibe m'gulumo amene adzakhulupirire zimenezo, ndipo amene akuonerera akuphunzira phunziro lina, lakuti osatsutsana ndi adimini pa malonda. Wokhudzidwa ndi mlandu ayenera kutuluka m'chipinda, ngakhale atakhala woyera mtima chotani. M'gulu laling'ono zimenezi n'zosavuta monga zimamvekera: adimini wokhudzidwayo amangolembera mnzake kuti, "Achimwene, uyu ndili naye nkhani, muioneko ndinu," n'kusiya manja.

Lamulo lachiwiri lakale ndi lakuti umve mbali inayo. Zaka 200 McCarthy asadachite ngozi ija, mu 1723, khothi lidalamula Yunivesite ya Cambridge kuti ibwezere katswiri wamaphunziro Richard Bentley madigiri ake, amene idamulanda osamupatsa mpata wodziteteza. Mmodzi mwa oweruza adakumbutsa kuti ngakhale Mulungu sadagamule mlandu wa Adamu asadamuitane ndi kumufunsa. Wodziwa zonse adafunsa kaye. Adimini amene waona screenshot imodzi yodulidwa pakati ali ndi chifukwa chochuluka chofunsira.

Bwererani kwa bambo a DOT 5 aja. Wina akadawafunsa, akadamva kuti njinga yawo ndi Harley-Davidson yakale, ndipo zina mwa njinga zimenezo zinkatulukadi kufakitale ndi DOT 5. Sadaname, ndipo sadafune kuvulaza munthu. Adangotenga choona cha njinga yawo n'kuchiyesa choona cha njinga zonse. Uthenga wawo uyenera kuchotsedwa nthawi yomweyo, kapena kuikidwa chenjezo pamwamba pake, koma iwowo sayenera chilango chilichonse kupatula kuuzidwa mwaulemu. Wotukwana uja nayenso ali ndi mbali yake: adaona mwana akupita kuphompho, n'kukuwa. Kukuwako kudali konyansa, ndipo chenjezo likumuyenera. Kuchotsedwa m'gulu mpaka kalekale chifukwa chopulumutsa mnzake mwamwano, ayi.

Apa m'pamene kufulumira ndi kudekha kumapeza malo ake. Kubisa uthenga woopsa kumabwezeka: zikadziwika kuti udalibe vuto, umabwerera pamalo pake ndipo palibe wataya kanthu. Kutsekera munthu pakamwa kwa maola 24 moto ukayaka nakonso kumabwezeka, bola anene kuti uku n'kuzimitsa moto, mlandu sudayambe. Koma kuchotsa munthu m'gulu limene wakhalamo zaka zisanu, m'mene ali ndi anzake, m'mene amamvera za maulendo ndi za zipangizo, ndi chilango chenicheni, ndipo palibe chimene chimapsa ngati chidikira masiku awiri kuti mwini wake ayankhepo.

Kunena chifukwa

Dandaulo lofala kwambiri la ochotsedwa m'magulu silikhala lakuti "sindidalakwe". Limakhala lakuti "sadandiuze n'komwe". Munthu amangotsegula foni n'kupeza gulu lasowa, ngati nyumba imene wabwerako kuntchito n'kupeza loko wasinthidwa.

Mu 2018, akatswiri ndi mabungwe oona za ufulu pa intaneti adalemba mfundo zotchedwa Santa Clara Principles, zolunjika kwa makampani akuluakulu. Zidali zitatu: lengezani chiwerengero cha zimene mwachotsa, uzani mwini wake chimene mwachotsa ndi lamulo limene waphwanya, ndipo mupatseni njira ya apilo. Mayiko a European Union adapita patsogolo n'kuzisandutsa lamulo. Digital Services Act, imene idayamba kugwira ntchito mokwanira pa 17 February 2024, imati kampani ikachotsa zolemba za munthu kapena kutseka akaunti yake iyenera kumupatsa zifukwa zomveka, ndipo munthuyo ali ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi yodandaulira kwaulere. Dandaulolo silingagamulidwe ndi makina okha, payenera kukhala munthu woyang'anira. Lamuloli lidalembedwera makampani, osati wokwera njinga amene amasamala gulu madzulo akaweruka, ndipo makampani ang'onoang'ono adawapeputsirako zina. Koma likusonyeza chimene anthu afika pochiyesa muyezo wa chilungamo pa intaneti.

Ena amati kufotokoza n'kutaya nthawi, wolakwa amadziwa yekha chimene wachita. Kafukufuku sakugwirizana nawo. Mu 2019, Shagun Jhaver ndi anzake adasanthula zolemba zokwana 32 miliyoni za pa Reddit, tsamba la pa intaneti lokhala ndi magulu ambiri okambirana, ndipo adapeza kuti anthu amene adauzidwa chifukwa chochotsera zolemba zawo sankabwerezanso kulakwa kwambiri poyerekeza ndi amene sadauzidwe. Zikugwirizana ndi zimene Tom Tyler, katswiri wa ku America, wakhala akusonyeza kuyambira cha m'ma 1990 pa za apolisi ndi makhothi: anthu amalandira ngakhale chigamulo chowawa ngati aona kuti adamvedwa, adalemekezedwa, ndipo woweruza sadakondere.

Uthenga wabwino wa adimini sufuna luso la loya. Ukhoza kungoti: "Achimwene, tabisa uthenga wanu wa dzulo usiku umene munatchula a uje kuti mbuli. Lamulo lachitatu limaletsa kunyoza munthu. Zimene munanena za DOT 5 n'zoona ndipo taziika pamwamba. Simulemba m'gulu kwa masiku atatu, mpaka Lachinayi. Ngati mukuona kuti takulakwirani, lemberani a uje, amene sadali nawo pa chigamulochi." Mizere isanu. Muli chochitika, lamulo, chilango, tsiku lothera ndi khomo logogoda. Yerekezani ndi uthenga wina umene ndimauona kawirikawiri, wakuti "mwaphwanya malamulo a gulu". Malamulo ake ati? Liti? Munthu sangadziteteze pa mlandu umene sakuudziwa, ndipo sangasinthe khalidwe limene sadaliloze.

Kuti lamulo litchulidwe, liyenera kukhalapo mlandu usadachitike. Apa magulu ambiri amadzikola okha ndi lamulo lomaliza lija lakuti "adimini akhoza kuchotsa aliyense pa chifukwa chilichonse". Ndikumvetsa chimene amaliikira, poti palibe angalembe lamulo la chinyengo chilichonse chimene munthu angapeke. Koma gulu likayamba kutsamira pa lamulo limenelo mlungu ndi mlungu, ndiye kuti enawo ndi zokongoletsera khoma.

Chilango chikhale ndi malire, ndipo chimange wochiperekanso

Okonda MotoGP, mipikisano yaikulu ya njinga zamoto padziko lonse, akukumbukira mpikisano woyamba wa 2023 ku Portimão m'dziko la Portugal, pamene Marc Márquez adawomba Miguel Oliveira n'kumugwetsa. Oweruza a mpikisano adamupatsa chilango chodutsa njira yotalikirapo kawiri, ndipo adalemba kuti achigwire pa mpikisano wotsatira wa ku Argentina. Koma Márquez adathyoka fupa la dzanja pa ngozi yomweyo, ndipo ku Argentina sadapite. Oweruza ataona kuti chilango chikuthawa, adasintha mawu n'kunena kuti achigwire pa mpikisano uliwonse umene adzabwerere. Timu ya Honda idachita apilo, ndipo mu May chaka chomwecho bwalo la apilo la MotoGP lidathetsa kusinthako. Chilango chidalembedwa cha ku Argentina, ndipo chidathera ku Argentina.

Ambiri adakwiya, ndipo ine ndemwe ndikuona kuti Oliveira ndiye adatsala wodandaula. Koma bwalolo lidateteza chinthu chofunika: woweruza sangatambasule chilango pambuyo chifukwa choti mtima wake sudakhutire. Adimini amene wanena masiku asanu ndi awiri, tsiku lachisanu ndi chitatu atsegule chitseko, ngakhale munthuyo sadapepese mmene iye amafunira. Ngati kupepesa kudali kofunika, akadanena pachiyambi.

Chilango chopanda tsiku lothera nachonso chidagundidwa pa mlandu waukulu kuposa wa njinga. Facebook itatseka akaunti ya Donald Trump mu January 2021 popanda kunena nthawi, bungwe loima palokha lounika zigamulo za kampaniyo, Oversight Board, lidagamula pa 5 May kuti kutsekako kudali koyenera, koma "mpaka tidzaone" si chilango chimene chidali m'malamulo a kampaniyo. Mwezi wotsatira Facebook idaika zaka ziwiri. Ngati kampani yaikulu chotere idauzidwa kuti itchule tsiku, gulu la anthu mazana atatu silingadzikhululukire.

Za kukula kwa chilango sizifuna mawu ambiri. Elinor Ostrom, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa chofufuza mmene anthu amasamalira zinthu za onse monga madzi, nkhalango ndi nsomba, adapeza kuti magulu okhalitsa amayamba ndi chilango chopepuka n'kumakweza munthu akabwereza. Chenjezo, kenako masiku ochepa, kenako mwezi, kenako chitseko. Wakuba ndi woopseza anzake salowa pa makwerero amenewa, amatuluka tsiku lomwelo.

Makwerero ali ndi msampha wake, ndipo Valentino Rossi, amene ankalimbirana ukatswiri wa MotoGP wa 2015 ndi Jorge Lorenzo, adaugwamo. Pa 25 October 2015 pa mpikisano wa ku Sepang m'dziko la Malaysia, atakhudzana ndi Márquez mpaka Márquez kugwa, adapatsidwa mapointi atatu a chilango. Paokha sakadamupweteka kwambiri. Koma adali kale ndi pointi imodzi ya ku Misano, yopatsidwa chifukwa chotchinga Jorge Lorenzo pa nthawi yopikisanirana malo oyambira, ndipo mapointi anayi ankatanthauza kuyambira kumbuyo kwa onse pa mpikisano womaliza ku Valencia. Apilo yake kwa oweruza a FIM, bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga zamoto, idakanidwa, bwalo la zamasewera la ku Lausanne lidakana kuimitsa chilangocho, ndipo Rossi adamaliza wachinayi, Lorenzo n'kutenga ukatswiri ndi kusiyana kwa mapointi asanu. Pointi yaing'ono imene aliyense adaiiwala ndiyo idatembenuza chaka chonse. Gulu limene limawerenga machenjezo liyenera kunena kuti chenjezo limafa liti. Sibwino kuti mawu amene munthu adalakwitsa zaka zitatu zapitazo adzuke lero kudzamukankhira kunja.

Mkangano wa Sepang udasinthanso kayendetsedwe ka MotoGP. Kuyambira 2016 ntchito yopereka zilango idapatsidwa kwa gulu lapadera la oweruza, kuti amene akuyendetsa mpikisano asakhalenso iwo okha ogamula milandu yake. Dongosolo la mapointi lija adalisiya mu 2017. Okonda Rossi ndi okonda Márquez akadakanganabe mpaka lero, ndipo maadimini ambiri amadziwa kuti mayina awiriwa akakumana mu uthenga umodzi, tulo tatha.

Apilo yeniyeni ndi apilo ya dzina

Magulu ambiri amati ali ndi apilo. Ukafunsa kuti imapita kwa ndani, yankho ndi lakuti "lemberani adimini", ndipo adimini ndi yemwe uja adakuchotsa. Umenewo ndi mwayi wopempha chifundo, ndipo chifundo n'chabwino, koma si apilo. Munthu amene wagamula kale pamaso pa gulu lonse ali ndi nkhope yoti aiteteze. Kumufunsa kuti aunike chigamulo chake n'kumufunsa kuti adzitsutse, ndipo ndi ochepa amene amatha, makamaka wodandaulayo akalemba ali wokwiya.

Apilo imayamba pamene mlandu wapita m'manja ena. M'gulu lokhala ndi maadimini anayi, awiri amene sadakhudzidwe akhoza kuumva. M'gulu la adimini mmodzi, mamembala atatu okhalitsa akhoza kusankhidwa kwa chaka, ndipo ndi bwino asankhidwe mlandu usadabwere, chifukwa osankhidwa mlandu uli pakati amaoneka ngati abwera ndi yankho m'thumba. Ndi bwinonso asakhale onse a ulendo umodzi wa Loweruka. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo mamembala amaona msanga ngati anzake a adimini amatukwana momasuka pamene mlendo amachotsedwa pa mawu amodzi.

Omva apilo sayambanso mlandu kuchokera ku Adamu. Amafunsa ngati zidachitikadi mmene zanenedwera, ngati lamulo lotchulidwalo likukhudzadi zimenezo, ndiponso ngati chilangocho chikufanana ndi chimene ena adalandira pa mlandu wotere. Funso lomalizali ndi limene limavula magulu ambiri, chifukwa salemba kalikonse. Kabuku kakang'ono ka maadimini okha, kokhala ndi tsiku, lamulo ndi chilango, kamathetsa theka la mikangano ya "bwanji uje simudamuchotse". Kamatetezanso adimini wachilungamo amene akunamiziridwa kukondera, poti ali ndi choloza.

Umboni ndi vuto lina. Adimini akafafaniziratu uthenga, wafafanizanso umboni wa mlandu, ndipo apilo imasanduka "ndidanena" ndi "simudanene". Ajambule kaye, pamodzi ndi mauthenga a pamwamba ndi a pansi pake. Screenshot yobwera ndi wodandaula iyenera kulandiridwa ndi diso limodzi lotsegula, chifukwa kudula mzere umodzi kumasandutsa nthabwala kukhala chiopsezo, ndipo kupeka yabodza ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Pakhalenso nthawi kumbali zonse. Wodandaula apatsidwe mwina masiku 14 oti alembe, ndipo omva apilo adzimange kuti ayankha pasadathe mlungu. Apilo ya chilango cha masiku atatu ikayankhidwa patatha mwezi ndiye kuti yakanidwa mwakachetechete. Komanso apilo ikhale imodzi. Pali anthu amene akhoza kudandaula mpaka onse odzipereka atatopa n'kusiya gulu, ndipo adimini wotopa ndi amene amayamba kuchotsa anthu osafunsa. Kuteteza nthawi ya maadimini ndi mbali ya chilungamo chomwecho.

Pali mlandu umodzi umene umayesa zonsezi mpaka kumapeto, wa njinga yobedwa. Wina waika chithunzi cha njinga imene mnzake akugulitsa m'gulu, n'kulemba kuti, "Iyi ndi yanga, idabedwa chaka chatha." Gulu limayaka nthawi yomweyo. Ena akufuna dzina ndi nkhope ya wogulitsayo zimwazidwe paliponse. Adimini sangadziwe woona ndani. Njinga za mtundu umodzi zimafanana, wogulitsayo mwina adaigula mosadziwa kwa wina, ndipo wodandaulayo mwina walakwitsa kapena ali ndi chake mumtima. Chimene adimini angachite n'kuimitsa malondawo, kubisa mauthenga otchula munthu kuti wakuba, n'kuuza onse awiri kuti nambala ya chasisi ndi ya injini apite nazo kupolisi. Gulu si khothi la milandu ya kuba, ndipo likadziyesa khothi likhoza kuononga dzina la munthu wosalakwa m'maola awiri, dzina limene apilo iliyonse singalibweze lonse.

Kwa akathyali enieni, amene amatsegula akaunti dzulo n'kuyamba kugulitsa injini zosaoneka, kufotokoza kwambiri kumangowaphunzitsa mobisalira ulendo wina. Amenewa sauzidwa mmene adagwidwira. Komabe khomo la apilo likhale lotsegula ngakhale kwa iwo, chifukwa nthawi zina amene waoneka ngati kathyali amakhala munthu weniweni amene akaunti yake idabedwa, kapena mlendo amene sadziwa kulemba bwino chinenero cha gululo.

Chotsala ndi chimene maadimini amachizemba kwambiri. Apilo ikapambana, munthu amabwezedwa m'gulu mwakachetechete, usiku, ngati katundu wobwezedwa pakhomo lakumbuyo. Koma adachotsedwa anthu onse akuona, ndipo ambiri adamuika kale m'gulu la ovuta. Ngati chilango chidali chapoyera, kukonza kukhalenso kwapoyera. Pa nkhani ya mafuta ija, zikanangofunika kuti adimini alembe m'gulu kuti: "Dzulo tidachotsa a uje mofulumira. Apilo yaona kuti chenjezo linali lokwanira, ndipo abwerera. Pa za mabuleki, thirani mafuta amene alembedwa pa chitsekero cha njinga yanu." Kenako wina amufunse mnyamata uja ngati wathira kale, chifukwa ngati wathira, mafuta onse ayenera kukhutulidwa ndipo makaniko aone mapaipi ndi malabala njingayo isadalowenso pamsewu.